Kabokosi ka mu Mpunga

Tsiku lomaliza limene Prosper anaona mkulu wake Lucius ali moyo, munthuyo ankaseka. Anali chigonere pa bedi la pafupi ndi windo m'chipatala, ataonda moti wotchi inkatsetsereka kuchoka padzanja n'kukaima pachigongono. Prosper anamubweretsera masitiroberi a kuphiri m'kambale, koma Lucius anangonunkhiza limodzi n'kulibweza.

"Mphwanga, ndatsala tsamba limodzi," anatero. "Tandiunika ndi tochi uone ngati ndayamba kuwala."

M'wodi monsemo nthabwala imeneyi anaimva ndi anthu awiri okha. Lucius ankagwira ntchito mu labu ya fizikisi pa koleji ya mu Zomba, ndipo Prosper anali wophunzira wa chaka chachitatu komweko. Ntchito imene Lucius ankaikonda koposa inali yosenda kamwala kotuwa, konyezimira ngati mtima wa pensulo, kotchedwa molibidenaiti. Kamwalako n'kosanjikizana ngati masamba a buku. Ukakamata ndi selotepi n'kumatula, masamba ena amatsalira pa tepi. Ukapinda tepiyo n'kumatulanso, kumatulanso, masambawo amanka napyapyala, mpaka mwamwayi umatsala ndi tsamba limodzi lokha, lopyapyala moti tsitsi la munthu pambali pake ndi mtengo wa mlambe. Chodabwitsa chake n'chakuti kamwalako kakakhala kochindikala, ukakaunika kamangoti duu. Koma tsamba limodzilo, ukaliunika ndi kuwala kobiriwira, limayankha ndi kuwala kofiira.

Prosper sanaseke. Anauza mkulu wake kuti asiye zachibwana adye, natuluka atakwiya pang'ono, ati abweranso mawa. Mawa lakelo anapeza bedi layalidwa nsalu zina.

Ku koleji palibe amene anamuchotsa. Anangofika pakhomo la labu Lolemba lina, n'kuona jekete loyera la Lucius lili pa msomali wake, miyendo n'kukana. Anatembenuka, nakwera phiri, ndipo chaka chinatha akugulitsa zipatso m'mphepete mwa msewu wopita ku Mulunguzi, pakati pa mavenda amene ankamutchula kuti Pulofesa.

*

Mwaiwathu anabwera mu Julaye, tsiku la chiperoni, pa njinga yamoto ya kabaza, atavala juzi la munthu wamkulu kuposa iye. Anatsika n'kuyamba kuyang'ana mavenda mmodzimmodzi, osati kumaso koma m'manja. Atafika pa Prosper anaima.

Anadzitchula dzina, nafotokoza kuti akuchita digiri yachiwiri ya fizikisi, ndipo patha miyezi inayi akumata ndi kumatula selotepi osapeza tsamba limodzi. Aphunzitsi ake anali atamuuza kuti Okutobala akafika alibe chooneka, asinthe mutu wa kafukufuku ayambirenso. A Fadili, mkulu wosamalira labu, ndi amene anamulozera kuphiri. Ati manja odziwa ntchitoyo anali a anthu awiri: ena ali kumanda, ena akugulitsa masitiroberi.

Prosper anayankha kuti a Fadili akalamba, ayamba kusokoneza anthu. Iye ndi wa zipatso basi.

Mtsikanayo sanatsutse. Anakhala pa mwala, natola sitiroberi limodzi m'dengu, nadya. Anatolanso lina.

"Achemwali, amenewo ndi malonda."

"Ndikudziwa, achimwene. Ndizidya limodzilimodzi mpaka muvomere. Mundiuza nokha dengu likayamba kukupwetekani."

Mavenda anaseka mpaka wina anagubuduza magalagadeya ake mumsewu. Pa sitiroberi lachisanu ndi chinayi Prosper anagonja, koma anaika lamulo limodzi: ku labu sapondako. Ngati akufuna thandizo, abweretse zonse kuphiri.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakumana m'kanyumba kakale ka alonda a nkhalango, pamwamba pa damu, pamene mpweya unali wosambitsidwa ndi nkhungu, wopanda fumbi la m'tauni. Mwaiwathu ankabwera ndi kamwala, selotepi ndi tizidutswa ta silikoni tosalala ngati galasi, tating'ono ngati chikhadabo. Prosper ankabwera ndi ketulo. Chinsinsi cha Lucius chinali chimenecho: ukamata tepi pa kasilikoni, ukakhazike kaye pa chivindikiro cha ketulo yotentha, kenako umatule mwakachetechete ngati ukuchotsa bandeji pa bala la khanda. Kuti dzanja lisathamange, Lucius ankatsinzina n'kumatchula masiteji a minibasi kuchokera ku Zomba mpaka ku Limbe, ndipo tepi inkayenera kumatuka pofika ku Limbe, osati panjira.

Ya Mwaiwathu inkamatuka pa Thondwe.

"Iwe ukanakhala dalaivala, anthu akanamatsikira pawindo," anatero Prosper Loweruka lachitatu, ndipo onse awiri anazindikira kuti ulemu wa achimwene ndi achemwali uja watsala m'munsi mwa phiri.

Lolemba lililonse Mwaiwathu ankaika tizidutswato pa maikulosikopu n'kutumiza uthenga. Uthenga woyamba unati zonse n'zonenepa ngati mabwana a m'maofesi. Wachiwiri unati kamodzi kayamba kuonda koma kakadyabe bwino. Prosper ankawerenga mauthengawo kangapo, dengu lili pamwendo, mpaka galimoto za alendo zinkadutsa osaziimika. Mavenda anayamba kunena kuti Pulofesa wadwala matenda osagoneka munthu m'chipatala.

Tsiku lina, ketulo ikuwira, Prosper anamuuza Mwaiwathu za Lucius, zonse, mpaka za kukwiya kwake kwa tsiku lomaliza. Anamuuzanso kuti mayi ake akonza mwambo wa chiliza cha Lucius kumudzi kwawo ku Muloza, m'malire a Mozambique, Loweruka la pa 14 Sepitembala, ndipo malume ake a Benard, mlongo yekhayo wa mayi ake, ndi amene adzatsogolere zonse. Iye analonjeza kuti nsalu yovundikira chilizacho adzaichotsa ndi manja ake. Mwaiwathu sananene zoti pepa. Anangomuthirira tiyi, n'kumupatsa kapu yopanda mng'alu pa makapu awo awiri, yosweka n'kutenga iye.

*

Pamene pali maluwa sipalephera njuchi ina. Mwaiwathu analeredwa ku Matawale ndi azakhali ake a Rosebell, amene anapuma ntchito ya ulembi m'boma, ndipo azakhaliwo anali atamusankhira kale mwamuna woti amukwatire. Dzina lake anali Steven. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma, anali ndi galimoto yoyera imene ankaipukuta ngakhale isanade, ndipo Lamulungu lililonse ankanyamula azakhali kupita nawo kutchalitchi atawatsegulira chitseko. Mwaiwathu ankati Steven alibe vuto lililonse kupatula lakuti akamalankhula nawe amadziyang'ana pa galasi la galimoto lili kumbuyo kwako.

Prosper anamuonapo kawiri. Ulendo woyamba Steven anaimika galimoto pa mavenda, natsitsa galasi theka, nafunsa kuti Pulofesa wa zipatso ndi uti, ndipo atamuona anangogwedeza mutu ngati munthu amene wayeza mbuzi n'kuipeza yopepuka. Ulendo wachiwiri Prosper anangoona galimoto yoyera itaima m'mapaini, kumunsi kwa kanyumba kaja, mwini wake osaoneka.

Linali Loweruka la kumapeto kwa Ogasiti. Tsiku limenelo dzanja la Prosper linali lofatsa kuposa masiku onse. Anatsinzina, nagwira nsonga ya tepi.

"Sadzi. Thondwe. Namadzi. Mbulumbuzi. Njuli. Mapanga. Kachere. Limbe."

Tepi inamatuka yopanda phokoso. Ndi maso panalibe chooneka pa kasilikoniko, koma Prosper anamva m'zala mmene mlimi amamvera kuti khasu lagunda mbatata. Anakanyamula ndi kachitsulo kopanira, nakaika m'kabokosi ka pulasitiki, nakamata ndi tepi yakuda kuzungulira. Pamwamba anamatapo kapepala n'kulemba malamulo amene Lucius ankalemba nthawi zonse. Popeza labu inali yotseka mpaka Lolemba, anauza Mwaiwathu kuti mdani wamkulu wa tsambalo ndi chinyezi, choncho akabise kabokosiko pouma kwambiri. Lucius ankabisa take mu mpunga wosaphika.

Potsazikana Prosper anamupatsa kadengu ka masitiroberi osankha, ati akapereke kwa azakhali. Mwaiwathu anati iye bwanji, ndipo Prosper anati iye anadya kale ake asanu ndi anayi. Anatsika phiri atagwirana zala ziwiri zokha, chifukwa manja enawo anali ndi katundu.

*

Lamulungu masana foni inalira. Mwaiwathu ankalankhula monong'ona, ndipo Prosper sanathe kudziwa ngati akulira kapena akuseka. Azakhali apeza kabokosi m'chitini cha mpunga. Akuti mwini wake abwere yekha, lero lomwe.

Anatsika phiri atavala shati yake ya kutchalitchi. Ku Matawale anapeza a Rosebell atakhala pakhonde ngati woweruza milandu. Patebulo panali mbale yadothi, m'mbalemo kabokosi, pamwamba pa kabokosi Baibulo, ndipo mbale yonse anaizunguliza mchere. Steven anakhala pampando wa pambali akuseweretsa makiyi. Mwaiwathu anaima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja.

Prosper anagwada pang'ono n'kupereka moni. Moniwo anaulandira, mpando sanamupatse. A Rosebell anavala magalasi, nasuntha Baibulo ndi nsonga ya chala, nawerenga kapepala kaja mokweza.

"'Cha Mwaiwathu. Osatsegula. Osakhudza ndi dzanja. Osapumirapo. Chikhale pamdima.' Bambo, ine ndinabadwira ku Jali. Malamulo awa ndikudziwa kumene amaperekedwa, ndipo si ku yunivesite."

Anapitiriza kunena kuti choopsa si kupezeka kwa chithumwacho ayi, koma malo ake. Mpunga umenewo anadya dzulo madzulo nyumba yonse. Ndipo atangodya, iwo eni ake, munthu wa mapemphero, anapezeka akuyamika masitiroberi aja, mpaka kunena kuti mnyamata wotumiza zipatso zosankha chonchi ayenera kuti analeredwa bwino. Munthu amene sanamuonepo n'kamodzi komwe. Ngati zimenezo si konda ine, nanga n'chiyani?

Prosper anayang'ana pansi, chifukwa akanayang'ana Mwaiwathu akanaphulika ndi kuseka, mlandu n'kuthera pomwepo.

Apo Steven anatulutsa foni, nati iye sakonda kulowerera za eni, koma ali ndi umboni. Anaonetsa kanema wojambulidwa pa mng'alu wa windo la kanyumba kaja. Munkaoneka Prosper atatsinzina, ketulo ikufuka nthunzi patsogolo pake, milomo ikutchula Namadzi, Mbulumbuzi, Njuli. Steven anamasulira kuti ameneyo akulozera mtima wa mwana wa eni njira yothawira. Akayamba ndi Sadzi n'kumalizira ku Limbe ndiye kuti nyumba anaipeza kale kumeneko.

Prosper anafotokoza zonse mwaulemu: za kamwala, za selotepi, za ketulo, za chinyezi. Pamene ankafotokoza ndi pamene ankadzimvera yekha kuti zikumveka ngati za kwa sing'anga zenizeni. Steven anati nkhani yatalika, angotsegula aone, natambasula dzanja. Chipande cha Mwaiwathu chinatera pa zala zake dzanja lisanafike pa mbale.

"Mwaona, mayi?" anatero Steven akupukusa dzanja. "Mwanayu chibadwire sanamenyepo munthu. Zagwira."

A Rosebell anagamula kuti Lachinayi amayi a kutchalitchi akabwera ku mapemphero, kabokosiko kaponyedwa pamoto, ndipo nkhani ya kuphiri itha tsiku lomwelo. Njira ina inali imodzi yokha: mwini wake atsegule pomwepo, aonetse kuti mulibe choipa.

Prosper anati akatsegula pano fumbi liononga zonse, komanso palibe chimene angaone ndi maso. Kanthuko kamaoneka pa makina a ku labu basi.

"Chabwino," anatero a Rosebell. "Mawa m'ma teni. Mukatsegule inuyo, ndi manja anu, ku labu kwanuko, ine ndikuona. Mwana wangayu asakhudze."

Apo m'pamene Prosper anazindikira kuti msampha wautchera yekha. Anayang'ana Mwaiwathu. Nkhope ya mtsikanayo inali itasiya kuseka, chifukwa iye yekha ndi amene ankadziwa chimene chili pa msomali kuseri kwa chitseko chija.

*

Anafika anayi: a Rosebell atanyamula mbale ija m'chitenje, mchere ndi zonse, Steven atapempha chilolezo ku ntchito kuti adzaone ng'anga ikuyaluka, Mwaiwathu, ndi Prosper kumbuyo. A Fadili anatsegula chitseko. Fungo la sipiriti ndi la matabwa akale linatuluka kudzamulonjera, ndipo jekete loyera lija linali pomwe analisiya.

Miyendo inakananso. Anaima pakhomo ngati mbuzi imene yamva fungo la kophera. Anamva Steven akuuza azakhali kuti aone okha, anthu oterewa amaopa nyumba zowala.

Mwaiwathu anabwerera, naima pambali pake, osamugwira, poti azakhali ankayang'ana. Anangonong'ona mawu amodzi.

"Sadzi."

Kenako anabwereza.

"Sadzi, iwe. Minibasi yadzaza."

Prosper anaponya phazi limodzi. Mwaiwathu atati Thondwe, anaponya lina. Pa Namadzi anadutsa msomali uja osauyang'ana. Pa Njuli maso anayamba kuchita chifunga. Pa Kachere anali akutchula yekha, ndipo atafika ku Limbe anapezeka ataima pa tebulo la maikulosikopu, dzanja lili pa mpando umene unali ndi chigamba chosokedwa ndi waya, ntchito ya manja a Lucius.

A Rosebell ananong'oneza Steven kuti mawu aja ayambiranso, koma sananong'one mwamphamvu ngati poyamba.

A Fadili anati lamulo la m'chipinda muno silinasinthe, wopanda jekete sakhudza makina. Anapita pa msomali, nalitsitsa, nalikung'untha. Anati chaka chonse anthu akhala akuwauza kuti alichotse, iwo n'kumayankha kuti adikira wa kubanja adzatenge. Prosper analivala. Manja a jeketelo anali aatali pang'ono. M'thumba anapezamo mpukutu wa selotepi, nsonga yake itapindidwa kakona mmene Lucius ankapindira kuti asamavutike kuifunafuna. Anaufumbata kanthawi, kenako anapinda manja a jeketelo n'kutsegula kabokosi.

A Rosebell anasuzumira ali patali, Baibulo lili pachifuwa. Ataona kagalasi kokhakokha, kopanda ufa, kopanda tsitsi kapena chikhadabo cha munthu, anaoneka ngati akhumudwa pang'ono.

Kufufuzako kunatenga nthawi. Pa sikirini ya kompyuta pankadutsa tizigamba tachikasu ndi toyera, tomwazika ngati zisumbu. Prosper anati tonseto n'tonenepa. A Rosebell anakoka mpando, nayamba kulozera okha, ati nanga ako, nanga ako kali kumanzereko, mpaka a Fadili anawapempha kuti chala chisagunde sikirini. Steven anayang'ana wotchi kanayi.

Kenako dzanja la Prosper linaima. M'mphepete mwa chigamba china chachikasu munali kamthunzi kosaoneka bwino, ngati mpweya wa m'kamwa pa galasi. Mwaiwathu anagwira mkono wa a Fadili. Iwo anatseka makatani, nazimitsa nyali, nayatsa kuwala kobiriwira kuja, naika kagalasi kosefa kuti kamera ione chokhacho chimene kanthuko kabweze.

Sikirini inada bii. Zigamba zonenepa zija zinasowa zonse. Pamalo pa kamthunzi paja panayamba kuoneka chofiira, choyamba ngati khala lokwiririka m'phulusa, kenako chowala bwinobwino, chokhala ndi ngodya zake ngati kamunda koyezedwa ndi chingwe.

Prosper anaganiza za wotchi yotsetsereka ija ndi tochi imene sanayatse, ndipo anadabwa kupeza kuti akumwetulira.

A Rosebell ndi amene anaswa bata. Anafunsa chifukwa chake tonenepa tija tazima. Mwaiwathu anafotokoza kuti m'kochindikala mphamvu ya kuwala imasochera m'masamba ambirimbiri n'kusanduka kutentha, koma m'tsamba limodzi imabwerera kunja ngati kuwala. Azakhali anafunsanso kuti nanga ntchito yake n'chiyani, kapena n'zongosangalatsa maso. A Fadili anati waya wa kopa ali ngati mwana wosakana kutumidwa, magetsi amangodutsa. Pulasitiki ndi mwana wokanika, salola kanthu. Koma kanthu aka kali pakati: ukakauza kuti dutsitsa, kamadutsitsa, ukati tseka, kamatseka. M'foni ya mayiwo muli tizitseko totere tosawerengeka, ndipo anthu akufuna kuti tikhale topyapyala chonchi kuti foni izichita zambiri osamaliza moto msanga.

"Ndiye kamamvera?" anafunsa a Rosebell.

"Kamamvera, mayi."

"Kaposa ana a masiku ano."

Steven anati asanyengedwe, zinthu zoterezi zikafuna kugwira munthu zimafiira chonchi. A Rosebell, osachotsa maso pa sikirini, anamuuza kuti akadikire ku galimoto, akaipukute ngati yada.

Steven atatuluka, mayiwo anatembenukira kwa Prosper n'kuyang'ana dzina losokedwa pa thumba la jekete. Anafunsa kuti Lucius ndi ndani. Prosper anawauza, mwachidule, ndipo a Fadili anaonjeza zimene iye anasiya. A Rosebell anatenga mbale yawo n'kukhuthulira mchere uja m'bini.

"Mkulu wanu anakusiyirani manja, inu mukutolera nawo zipatso. Zimenezo ndi zanu, mudziwa nokha. Zanga ndi izi: kwa mwana wanga salowera mu mpunga. Pali khomo."

Anafotokoza kuti mwini mbumba ndi malume ake a Mwaiwathu, a Benson, amene amayendetsa malole ku Nampula ndipo kumudzi amangodutsa ngati mvula ya chizimalupsa. A kwa Steven anagogoda kale, ndipo iwo sangawatsekere chitseko popanda chifukwa, anthu amene awanyamula chaka chonse. Ngati Prosper ali ndi mawu, atumize nkhoswe yake, malume enieni osati obwereka, adzaime pamaso pa a Benson tsiku limodzi ndi a kwa Steven. Tsiku adzamuuza akalankhula ndi mwini wake.

Ali pakhomo anatembenuka, nati masitiroberi aja analidi okoma, ndipo tsopano atha kunena momasuka.

Mwaiwathu anadikira kuti nsapato za azakhali zisiye kumveka mukhonde, kenako anamukumbatira Prosper ndi jekete lomwe, a Fadili n'kupezeka kuti ali ndi ntchito yofunika kwambiri kuseri kwa kabati.

*

Masiku awiri otsatirawo Prosper ankayenda ngati phiri lafupika. Mauthenga ankangogwa. Aphunzitsi a Mwaiwathu anaona chithunzi chofiira chija n'kuvula magalasi. A Fadili akufunsa kuti jekete lichapidwe kapena mwini wake watsopano abwera nalo lochapa. Azakhali aphika mpunga womwe uja n'kuitana amayi a mapemphero kuti adzadye, osawauza mbiri yake. Steven sanabwere kudzapereka moni, koma mayi ake anaoneka ku Matawale atanyamula nkhuku.

Lachitatu masana Prosper anapita ku Chinamwali kwa mmisiri wosema ziliza kukaona ngati malemba akhala bwino. Mwalawo unali utatha, wosalala, dzina la Lucius litalowa mozama. Anayendetsa chala m'zilembozo chimodzichimodzi, fumbi la mwala n'kumamatirira kunsonga. Ali pomwepo mayi ake anaimba kuchokera ku Muloza. Anati zonse zili m'malo: abusa avomera, kwaya ikuphunzira nyimbo, abale a kutsidya kwa malire auzidwa ndipo ena ayamba kale kusinja. Malume a Benard anena kuti tsiku limenelo sachoka pamanda mpaka mlendo womaliza atatsazika, poti mwana wa mlongo wawo sangavundukulidwe ndi anthu apadera. Mayiwo anamufunsa ngati akukumbukira lonjezo lake la nsalu. Prosper anati akukumbukira.

Anatsala pang'ono kuwauza za Mwaiwathu, koma anaganiza zodikira kuti adziwe tsiku, kuti akapemphe malume zinthu zomveka. Anatseka foni akumwetulira. Isanalowe m'thumba inanjenjemera.

Unali uthenga wa Mwaiwathu, wautali, wodzaza ndi chimwemwe. A Benson ayankha. Afika mwezi uno, Lachisanu lina madzulo, ndipo Lamulungu m'mamawa abwerera ku Nampula, osaonekanso mpaka chaka chamawa. A kwa Steven auzidwa ndipo avomera kale. Azakhali akuti nkhoswe imene siioneka tsiku limenelo isadzavutike kubweranso, chifukwa a Benson sachoka asanapereke yankho. Iye wayamba kale kuganiza za chitenje choti adzavale, ndipo Prosper auze malume ake kuti asadzachedwe, asadzayende ngati tepi ya ku Limbe.

Prosper anapukuta fumbi la mwala pa buluku, nalemba kuti tsiku lake ndi liti.

Yankho linabwera nthawi yomweyo.

Loweruka, pa 14 Sepitembala.